Wokonda Nyimbo ndi Katswiri wa Nyimbo: Asiyana Pati?

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya ndi mtedza zikagulitsidwa, midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe siigona msanga. Kuyambira pa Mpingu, kudutsa pa Msundwe mpaka pa Namitete, ndiponso kulowera ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, chilimwe ndi nyengo ya zinkhoswe, maukwati, mipikisano ya makwaya, misonkhano ya misasa ndi magule a pabwalo. Pamsika masipika amayamba kulira dzuwa lisanakwere, ndipo madzulo ng'oma imamveka kuchokera tsidya lina la dambo.

M'dera lotere aliyense ali ndi maganizo ake pa nyimbo. Pali mnyamata wa pashopu yoika nyimbo m'mafoni, amene amatchula dzina la woyimba ndi chaka chimene chimbale chinatuluka nyimbo itangoyamba kumene. Pali agogo amene amawamba ng'oma pamoto gule asanayambe, ngakhale kuti sanapondeko m'kalasi. Palinso mphunzitsi wa kwaya ndi kope lake lodzaza ndi zilembo za do, re, mi. Onsewa anthu amawanena kuti "amadziwa nyimbo." Kodi kudziwa kwawoko n'kumodzi?

Funsoli limakula pamene pali ndalama ndi nthawi ya anthu. Kwaya imene yasonkha ndalama za ganyu kuti ikajambule nyimbo ku Lilongwe iyenera kudziwa woti ayimvetsere isanakwere minibasi. Okonza mpikisano ayenera kusankha oweruza amene olephera sadzawadandaula. Kholo limene mwana wake amangokhalira kuyimba liyenera kudziwa ngati mwanayo ali ndi luso lofunika kulisamala, ndiponso woti amuphunzitse. Tikasokoneza wokonda nyimbo ndi katswiri, ndalama zimapita pachabe, ndipo nthawi zina luso lenileni limafera pakhonde popanda wolifunsa.

Khutu la womvera limadziwa zambiri

Tiyambe ndi kumulemekeza womvera, chifukwa amadziwa zambiri kuposa mmene iye mwini amaganizira. M'chaka cha 2006, akatswiri awiri a ku France ofufuza za ubongo ndi nyimbo, Emmanuel Bigand ndi Bénédicte Poulin-Charronnat, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana woyerekeza anthu ophunzira nyimbo ndi anthu wamba. Anapeza kuti pa zinthu zambiri, monga kumva kuti nyimbo yafika kumapeto kapena kuti liwu lina lalowa pamalo posayenera, anthu wamba sasiyana kwambiri ndi ophunzira. Ubongo umaphunzira malamulo a nyimbo pongomvera tsiku ndi tsiku, monga mmene mwana amaphunzirira Chichewa asanamve n'komwe za aneni ndi mayina.

Izi timaziona m'tchalitchi ndi pabwalo. Kwaya ikasochera, mpingo wonse umadziwa. Amayi amayang'anizana, ana amabisa nkhope. Woyimba ng'oma akaphonya, ovina amatembenuka nthawi yomweyo. Palibe amene anawaphunzitsa. Choncho wokonda nyimbo akanena kuti "apa pavuta," kawirikawiri amanena zoona.

Kusiyana kumayambira pa funso lotsatira. Mukamufunsa kuti chavuta n'chiyani, womvera amati, "Sizinakome basi." Katswiri amakuuzani amene wasochera, pamene wasocherera, chifukwa chake, ndi chochita kuti zikonzeke. Zili ngati wodwala ndi dokotala: wodwala ndiye amamva ululu, ndipo sanama, koma woyeza ndi kupeza gwero la ululuwo ndi wina.

Katswiri amamva zigawo

Womvera amamva nyimbo ngati chinthu chimodzi, monga mmene timadyera ndiwo osaganiza za mchere, tomato ndi nsinjiro payekhapayekha. Katswiri amatha kulekanitsa zigawozo m'khutu mwake nyimbo ili mkati.

Taonani woyimba ng'oma wodziwa. M'magule a Achewa ng'oma sizilankhula chimodzimodzi. Zina, monga mpanje, zimagwira kayendedwe kosasinthasintha, pamene mbalule imatsogolera, kuyankha mapazi a wovina ndi kumuuza posinthira. Gule asanayambe, mwini ng'oma amaiyandikiza kumoto, kuigogoda ndi chala, kuibweza, kuigogodanso. Akudziwa kuti chikopa chikatenthedwa chimauma ndi kukungika, ndipo liwu limakwera. Usiku kukagwa chinyezi chimalefuka, liwu n'kutsika. Phula limene amamata pakati pa chikopa limachilemeretsa, motero liwu limazama. Iye sangatchule mawu a sayansi, koma zimene akuchitazo ndi sayansi ya kugwedera kwa chikopa, ndipo akulondola pongomva.

Ku mganda, gule wa amuna amene anatengera mayendedwe a perete wa asilikali a m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, oonerera amatengeka ndi zovala zoyera ndi mizere yowongoka. Wophunzitsa gululo amamvetsera zina. Malipenga a zipanda aja ali ndi kachikopa kopyapyala kotsekera kubowo, kamene kamanjenjemera munthu akamayimbira m'chipandamo. Kachikopako kakalefuka kapena kubooka pa lipenga limodzi mwa makumi awiri, iye amalidziwa lipengalo ali chapatali. Chimodzimodzi ku chimtali ndi chitelele: pali mayi amene amadziwa kuti kuwomba m'manja kwa gulu lina kuyenera kugwera m'mipata ya gulu linzake, ndipo akangomva kuti manja onse agwera pamodzi amaimitsa nyimbo n'kuyambitsanso. Luso lomweli linkaphunziridwa pamtondo, pamene amayi awiri kapena atatu ankasinja mumtondo umodzi, misi ikulowa mosinthana popanda kugundana.

Pa kwaya nkhani ndi yomweyi. Si zachilendo kuti kwaya yoyimba popanda chida iyambe nyimbo pamwamba n'kuimaliza itatsika pang'ono. Mpingo umangomva kuti ndime yomaliza yalemera. Mphunzitsi wodziwa amazindikira kuti asopulano akutsika pa liwu lalitali chifukwa mpweya ukuwathera, kapena kuti atena akungotsatira asopulano m'malo moyimba mzere wawo, kapena kuti abesi ayima kutali moti sakumva anzawo. Mankhwala ake ndi osiyana: woyamba aphunzire popumira, wachiwiri ayimbe yekha mpaka mzere wake ukhazikike, wachitatu asendere pafupi. Munthu wongoti "yimbani mwamphamvu" pa mavuto onse atatuwa amakonda nyimbo ndithu, koma kwayayo sangaichiritse.

Chichewa chili ndi nyimbo yake

Pali chinthu china chimene katswiri wa nyimbo za kwathu amachimva. Chichewa ndi chilankhulo chimene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo. Mawu akuti "mtengo" amatanthauza chomera kapena ndalama yogulira chinthu malinga ndi mmene mwawatchulira. Komanso polankhula timakoka phatikizo loyandikana ndi lomaliza, osati lomaliza lenilenilo.

Opeka nyimbo za makolo ankatsata zimenezi mwachibadwa, n'chifukwa chake mawu a nyimbo za pamtondo kapena za m'nthano amamveka bwino ngakhale muli patali. Nyimbo zambiri za m'mabuku a m'tchalitchi zinapekedwa m'Chingelezi kapena m'Chijeremani, ndipo mawu a Chichewa anaikidwa pa tchuni chimene chinalipo kale. Mwa ichi, pena liwu lalitali limagwera pa phatikizo limene polankhula sitilikoka. Tinazizolowera ndipo timazikonda. Koma achinyamata a kwaya akamapeka nyimbo yatsopano, munthu wodziwa amawauza kuti ayambe alankhula mawuwo mokweza, amve pamene liwu likukwera ndi pamene likutsika, kenaka tchuni chitsate njira yomweyo. Nyimbo yopekedwa motero anthu amaigwira msanga ndipo uthenga wake sutayika.

Kodi ukatswiri uli pa pepala?

Anthu ambiri amaganiza kuti katswiri ndi amene amawerenga manotsi. Kuwerenga n'kothandiza kwambiri. Njira ya do, re, mi imene makwaya athu amagwiritsa ntchito, yotchedwa tonic sol-fa, inayambitsidwa ku England ndi mayi Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo mbusa John Curwen anaikonza ndi kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Cholinga chake chinali chakuti anthu wamba athe kuyimba m'mawu anayi popanda piyano. Amishoni anaibweretsa kuno, ndipo mpaka lero mphunzitsi wa kwaya wa ku Nsaru angathe kuphunzitsa nyimbo imene sanaimvepo, pongoiwerenga pa pepala. Limeneli ndi luso lenileni.

Komabe mbiri ya nyimbo za ku Malawi ili ndi akatswiri ambiri amene luso lawo silinachokere m'kalasi. Alan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, ankayimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz, ndipo kayimbidwe kake kakudziwikabe ngakhale anamwalira mu 1995. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankayimba m'misewu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo mu 1967. Kubik anali ndi maphunziro apamwamba, koma pa nkhani ya gitala ndi chitoliro cha kwela anakhala wophunzira wawo, mpaka kumayimba nawo m'gulu limodzi. Mu 1999 Donald Kachamba anaitanidwa kukaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku California. Chomwe anamuitanira ndi zimene zinali m'manja ndi m'khutu mwake.

Kufupi kwathu kuno, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri asanakayimbe ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenaka m'mayiko a ku Ulaya. Babatoni wa Yobu ali ndi chingwe chimodzi chokha ndipo alibe zizindikiro zosonyeza pogwira. Liwu lililonse amalipeza ndi khutu ndi dzanja. Munthu sangachite zimenezi mwangozi.

Palinso akatswiri a mtundu wina, amene ntchito yawo ndi kufufuza, kujambula ndi kusunga. Hugh Tracey anajambula nyimbo za Achewa ndi mitundu ina m'dziko muno mu 1950 ndi 1958, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka anatha zaka zambiri akulemba za zida zoyimbira za makolo ndi za anthu ozipanga. Ofufuza oterewa akafika m'mudzi safunsa amene ali ndi nyimbo zambiri m'foni. Amafunsa amene ena onse amapita kwa iye ng'oma ikakana kulira.

Pamenepa tikuphunziranso kuti ukatswiri uli ndi malire. Wodziwa mbalule sangaweruze mpikisano wa makwaya a mawu anayi, ndipo wowerenga do, re, mi sangakonze mzere wa mganda. Nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo katswiri mmodzi sakwanira nyimbo zonse. Chizindikiro chimodzi cha katswiri weniweni n'chakuti amadziwa polekezera pake ndipo amakutumizani kwa wina.

Nanga mnyamata wa pashopu uja? Zimene amadziwa, monga mayina, zaka ndi nyimbo imene yatchuka sabata ino, n'zothandiza. Pokonza nyimbo za paukwati, iye ndiye woyenera kumufunsa. Koma kudziwa mbiri ya nyimbo n'kosiyana ndi kudziwa kapangidwe kake, monga mmene kuloweza mayina a osewera mpira kulili kosiyana ndi kuphunzitsa timu.

Maola amene sawoneka

Kodi khutu lotere limabwera bwanji? Mu 1993, Anders Ericsson ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ophunzira vayolini pa sukulu ya nyimbo ku Berlin. Anapeza kuti opambana kwambiri, pofika zaka 20, anali atathera maola pafupifupi 10,000 akuphunzira paokha. Amenewa ndi maola atatu tsiku lililonse kwa zaka zisanu ndi zinayi. Ofufuza ena pambuyo pake anasonyeza kuti maola okha safotokoza zonse. Chibadwa, msinkhu woyambira ndi mphunzitsi zimathandizanso. Koma mfundo yaikulu ya Ericsson inali pa mtundu wa maolawo. Sankawerenga nthawi yongosangalala ndi nyimbo. Ankawerenga nthawi imene munthu akubwereza malo ovuta, akulakwitsa, akukonzedwa, n'kubwerezanso.

Apa ndi pamene njira ziwirizi zimapatukana. Wokonda nyimbo amabwereza ndime imene imamukoma. Wophunzira amabwereza ndime imene ikumukanika. Munthu angathe kumvera wayilesi zaka makumi atatu osasintha n'komwe kamvedwe kake, pamene mwana amene amakhala pafupi ndi oyimba ng'oma, kupatsidwa kang'oma kakang'ono, kudzudzulidwa akaphonya, amakhala atasintha pakatha zaka zitatu zokha. Ngakhale m'Baibulo, buku la 1 Mbiri chaputala 25 limatchula oyimba 288 amene anaphunzitsidwa ndi kukhala aluso, ndipo limasonyeza kuti aphunzitsi ndi ophunzira ankatumikira limodzi.

Chuma cha onse awiri ndi makutu

Womvera ndi katswiri ali ndi chida chimodzi chimene sichigulidwa pamsika. Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi tating'onoting'ono timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatopetsa timaseloti, ndipo likapitirira limatipha. Mwa munthu, tikafa sitimeranso. Kawirikawiri toyamba kuwonongeka ndi tomva mawu okwera, timene timathandiza kusiyanitsa mawu pagulu. Munthu amayamba kunena kuti akumva anthu akulankhula koma sakugwira zimene akunena.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Malinga ndi bungweli, munthu wamkulu angathe kumva phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto. Likafika madesibelo 90, nthawi imatsika kufika maola anayi pa sabata. Pa madesibelo 100, amene si achilendo pafupi ndi masipika akuluakulu a paphwando, ndi mphindi 20 zokha pa sabata yonse. Taganizirani za mwana wakhanda amene ali kumbuyo kwa mayi ake pa nthawi ya perekaniperekani, mutu wake uli moyang'anizana ndi sipika, kwa maola atatu.

Pano pali chinthu chochititsa chidwi. Wokonda nyimbo ikamukoma amakweza voliyumu. Wodziwa nthawi zambiri amaitsitsa, chifukwa sipika ikapyola mphamvu yake mawu amaphwanyika ndipo zigawo zimene akufuna kumva zimasokonekera. Ngati mukufunika kufuula kuti munthu amene ali pafupi nanu, patali ngati kutalika kwa mkono, akumveni, phokosolo lapyola. Ngati mukachoka paphwando m'makutu mukulira, makutuwo akudandaula. Khalani kutali ndi masipika, tulukani panja kukapumitsa makutu, ndipo pa mahedifoni musapyole 60 peresenti ya voliyumu yonse. Khutu likamatuluka mafinya kapena kuwawa, pitani msanga kuchipatala chapafupi, monga cha St Gabriel's pa Namitete kapena cha Kabudula, ndipo musalitokose ndi kamtengo kapena nthenga. Ofuna kuyezetsa mphamvu ya kumva angapite ku ABC Hearing Clinic mumzinda wa Lilongwe.

Kuyambira pakhomo

Kuwoloka kuchoka pa kungokonda kufika pa kudziwa kumayamba ndi zinthu zosafuna ndalama. Madzulo banja likamayimba limodzi, sankhani nyimbo imodzi yodziwika ndipo aliyense atsatire liwu limodzi lokha, monga besi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mawa lake atsatire aluto. Jambulani kuyimba kwanu pa foni n'kumvetsera modekha; foni siinyengerera munthu. Mwana akanena kuti nyimbo yakoma, mufunseni kuti yakoma pati, ndipo mudikire yankho. Akasonyeza chidwi chopitirira, mupezereni munthu womukonza, kaya ndi mphunzitsi wa kwaya, kaya agogo odziwa kusema ndi kukunga ng'oma, kaya wopanga banjo. Ku Lilongwe kulinso sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads kwa amene afika poti n'kupitiriza.

Posankha munthu woti aphunzitse kwaya yanu kapena aweruze mpikisano, musayang'ane kukula kwa sipika yake kapena kuchuluka kwa mayina amene amatchula. Muyimbireni ndime imodzi ndipo mumve zimene anene. Ngati watchula malo enieni amene pavuta, wayimba yekha kusonyeza mmene payenera kumvekera, ndipo mutatsatira malangizo ake nyimboyo yasinthadi, mwapeza munthu wake. Ngati wayamikanso gulu limene si la mpingo wake kapena la mudzi wake chifukwa layimba bwino, musamutaye.

Ndipo ngati inu ndinu wongokonda nyimbo, musadziderere. Alan Namoko ndi a Kachamba anakula chifukwa panali anthu oima m'mbali mwa msewu kumvetsera, kuwomba m'manja ndi kuponya kangachepe. Katswiri amanola luso lake podziwa kuti kutsogolo kwake kuli makutu amene sanganamizidwe. Chofunika n'chakuti aliyense adziwe mbali yake. M'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni mudakali akuluakulu amene amadziwa chifukwa chimene ng'oma iyi imafunira phula ndipo inayo ayi, ndi amayi amene amakumbukira nyimbo za pamtondo zimene chigayo chinaziletsa. Ambiri a iwo palibe anawajambulapo. Foni imene mwana wanu amamvera nyimbo tsiku lonse ikhozanso kujambula mawu awo, ngati atapita kukakhala nawo pamphasa n'kuwafunsa chilimwe chino.